Chijeremani ndi Chifalansa: Mlandu wa Zinenero Ziwiri, ndi Chimene Utiphunzitsa Ife

Kwa aphunzitsi ndi akatekisiti a ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi.

Pali mlandu umene anthu ophunzira a ku Ulaya adalimbana nawo zaka zambiri, ndiwo uwu: mwa Chijeremani ndi Chifalansa, chinenero chopambana chinzake ndi chiti? Kapena wina adzati, "Nanga za anthu akutaliwo zitikhudza bwanji ife, amene tiphunzitsa ana m'Chichewa ndi m'Chingerezi?" Zitikhudza ndithu, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, zinenero zonse ziwirizi zidaponda dziko lino ndi kusiyamo mapazi. Chachiwiri, mawu amene mfumu ina idanyoza nawo Chijeremani ndiwo omwe anthu ena anyoza nawo Chichewa lero. Ndipo mphunzitsi wosadziwa m'mene mlanduwo udathera akhoza kuvomera chitonzo chopanda maziko, nachipereka kwa ana ngati phunziro.

1. Kumene zidachokera

Chifalansa ndi mwana wa Chilatini, chinenero cha Aroma, ndipo abale ake ndiwo Chitaliyana, Chisipanishi, ndi Chipwitikizi chimene timva kwa anansi athu a ku Mozambique. Chijeremani ndi cha banja lina, pamodzi ndi Chidatchi ndi Chingerezi. Chinkana zili choncho, ziwirizi zidakulira pa bwalo limodzi. M'chaka cha 842, mu mzinda wa Strasbourg, mafumu awiri apachibale, Louis ndi Charles, adzukulu a Charlemagne, adalumbira kuti adzathandizana pa nkhondo yolimbana ndi mkulu wawo Lothair. Louis, amene anthu ake adali olankhula Chijeremani, adalumbira m'chinenero cha anthu a Charles; ndipo Charles adalumbira m'Chijeremani, kuti asilikali a mbali zonse amve ndi makutu awo chimene mfumu ya anzawo ilonjeza. Lumbiro limenelo ophunzira ambiri aliyesa chiyambi cha Chifalansa cholembedwa. Taonani kuti pa tsiku loyamba lomwe zinenerozi zidalembedwa pamodzi, panalibe wofunsa kuti chopambana ndi chiti. Yense adasankha mawu amene womvera akamve.

2. Mlandu wa ku Berlin

Patapita zaka mazana asanu ndi anayi zinthu zidasintha. Chifalansa chidasanduka chinenero cha mafumu, cha akazembe ndi cha anthu aulemu m'maiko ambiri a ku Ulaya. Frederick, mfumu ya Prussia, Mjeremani weniweni, adakonda kulankhula ndi kulemba Chifalansa, ndipo m'chaka cha 1780 adalemba kabuku, m'Chifalansa momwemo, konena kuti Chijeremani ndi chinenero chokhakhala, chogawanika m'malankhulidwe ambiri, chimene sichidabale mabuku oyenera ulemu. Pambuyo pake bungwe la ophunzira la ku Berlin lidaika mpikisano wa funso lakuti, n'chifukwa ninji Chifalansa chafala chotero? Mphotho idatuluka mu 1784, naigawana anthu awiri, Mfalansa Antoine de Rivarol ndi Mjeremani Johann Christoph Schwab.

Mfundo yaikulu ya Rivarol idali iyi: Chifalansa chiyamba ndi mwininkhani, chitsatiza mneni, nichitsiriza ndi pamtherankhani, ndondomeko imeneyo, anatero iye, ndiyo ya nzeru yeniyeni ya munthu, ndipo chifukwa chake Chifalansa chimveka bwino koposa zinenero zimene zisinthasintha malo a mawu. Mfundoyi idakondweretsa ambiri, ndipo kufikira lero alipo oibwereza. Tiyeni tiiyese, monga tiyesa mlandu pa bwalo, pomva mboni za mbali zonse.

3. Malo a mawu m'chiganizo

Mfalansa akafuna kunena kuti galu aluma munthu, ati, "Le chien mord l'homme." Akatembenuza mainawo nati, "L'homme mord le chien," nkhani yasintha: tsopano munthu ndiye aluma galu. Kotero Mfalansa sangathe kusuntha maina, pakuti malo ndiwo okha aonetsa wochita ndi wochitidwa. Mjeremani ati, "Der Hund beißt den Mann," ndipo akhozanso kunena, "Den Mann beißt der Hund," tanthauzo osasintha; pakuti kaliwu kakuti "der" kaonetsa woluma, ndi kakuti "den" kaonetsa wolumidwa, paliponse pamene aima.

Nanga ife? Titi, "Njoka yaluma mwana." Titinso, "Mwana yamuluma njoka," ndipo palibe Mchewa amene adzaganiza kuti mwana ndiye waluma. Phatikizo lakuti ya- liloza njoka, ndi lakuti -mu- liloza mwana. Chimene Mjeremani achita ndi tizilembo ta pa dzina, ife tichita ndi agwirizanitsi a pa mneni. Apa mfundo ya Rivarol igwa. Chifalansa chisunga ndondomeko imodzi chifukwa chidataya zizindikiro zimene kholo lake Chilatini lidali nazo. Ndondomekoyo ndi ndodo imene chiyendera, ndipo munthu woyenda ndi ndodo sayenera kuseka woyenda ndi miyendo yake.

Komabe tisakondere. Chijeremani chili ndi chizolowezi chotopetsa mlendo, ndicho kuika mneni kumapeto a chiganizo chodalira chinzake. Ati, "weil er morgen nach Dowa gehen will," ndiko kunena, liwu ndi liwu, "pakuti iye mawa ku Dowa kupita afuna." Chiganizo chikatalika, womvera adikira nthawi asanadziwe chochitikacho, ndipo womasulira mawu pa msonkhano avutika zedi. Pamenepa Chifalansa chifupikitsa njira, ndipo Chichewa chigwirizana nacho.

4. Magulu a maina

Chifalansa chigawa maina onse pawiri, aamuna ndi aakazi. Chijeremani chigawa patatu, aamuna, aakazi, ndi ena osakhala amuna kapena akazi. Kodi kugawaku kutsata nzeru? Kwa Mfalansa dzuwa ndi lalimuna, "le soleil," ndipo mwezi ndi waukazi, "la lune." Kwa Mjeremani zatembenuka: dzuwa ndi lalikazi, "die Sonne," mwezi ndi wamwamuna, "der Mond." Ndipo mtsikana, amene aliyense aona kuti ndi wamkazi, Mjeremani amuika m'gulu lachitatu, "das Mädchen." Mwana wophunzira zinenerozi aloweza dzina lililonse pamodzi ndi gulu lake, popeza kawirikawiri dzinalo silimuuza.

Magulu athu ndi ambiri koposa awo, komatu ambiri mwa iwo adziulula okha pa chiyambi cha dzina: munthu ndi anthu, mudzi ndi midzi, chingwe ndi zingwe, kamwana ndi tiana. Tili nazonso zosokoneza zathu, monga galu ndi fodya kutsata agwirizanitsi a gulu la munthu. Palibe chinenero chimene chidagawa maina ake mosalakwa konse, pakuti sadakhale pansi akuluakulu kuti achipange. Chidakula monga ukulira mudzi, nyumba ina apa, nkhokwe ina apo.

5. Kapangidwe ka mawu atsopano

Pano ndipo Chijeremani chili ndi mphamvu yake yaikulu. Chikasowa liwu, chilumikiza mawu ake omwe. Chipatala achitcha "Krankenhaus," ndiko kuti nyumba ya odwala; chovala cha m'manja achitcha "Handschuh," nsapato ya dzanja; ndege aitcha "Flugzeug," chipangizo chouluka. Mwana wa mlimi akamva liwu lotere alizindikira yekha. Mfalansa kawirikawiri abwerera kwa Chilatini ndi Chigiriki kukatenga mawu ake aukatswiri, ndipo mwana wosadziwa zinenero zakalezo ayenera kuuzidwa tanthauzo. Choipa cha njira ya Ajeremani n'chakuti olemba ena alumikiza mawu anayi kapena asanu, liwu nilitalika ngati mzere wa m'munda.

Luso limeneli ife tili nalo kuyambira kale. Namwali wokongola timuti chiphadzuwa. Wosunga ndalama za mpingo timuti msungichuma. Wolemba nkhani m'nyuzipepala timuti mtolankhani. Ndipo mudzi wa Mtengowanthenga kuno ku Dowa dzina lake ndi mawu olumikiza. Ngakhale mawu amene muphunzitsa nawo malamulo a chinenero, monga mlowam'malo, mwininkhani ndi mtanthauziramawu, adapangidwa motero. Tizindikirenso kuti masiku ano mbali zasinthana pang'ono: Ajeremani adalandira liwu la Chingerezi la kompyuta, pamene Afalansa adadzipangira lawo, "ordinateur," mu 1955. Kubwereka ndi kupanga zonse ziloledwa. Mlandu ugona pa kubwereka liwu limene uli nalo kale m'nkhokwe.

6. Kalembedwe, kawerengedwe ndi ulemu

Pa kalembedwe Chijeremani chipambana poyera. Mwana akadziwa malamulo ake ochepa awerenga pafupifupi liwu lililonse monga limveka. Chifalansa chisunga zilembo zambiri zimene pakamwa padasiya kutchula kalekale. Madzi alemba "eau," zilembo zitatu, koma anena "o" basi. Nyongolotsi, tambula, chobiriwira, ndi kaliwu kotanthauza "cha ku," alemba "ver," "verre," "vert" ndi "vers," koma khutu limva liwu limodzi. Kalembedwe kathu kali pafupi ndi ka Ajeremani, ndipo ndi chuma chachikulu kwa mwana woyamba sukulu. Chilema chathu n'chakuti sitilemba kukwera ndi kutsika kwa mawu: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika pakamwa tisiyanitsa, koma pa pepala ndi amodzi.

Pa kuwerenga manambala onse awiri ali ndi zachilendo. Mjeremani atchula 21 kuti "einundzwanzig," chimodzi ndi makumi awiri, kuyambira kumbuyo. Mfalansa wa ku Paris atchula 80 kuti "quatre-vingts," makumi awiri kanayi, ndi 90 kuti "quatre-vingt-dix," makumi awiri kanayi ndi khumi. Amene aseka "zisanu ndi ziwiri" yathu kuti ndi yaitali ayambe walingalira zimenezi.

Pa ulemu, Mfalansa anena "tu" kwa mwana kapena bwenzi, ndi "vous," liwu la anthu ambiri, kwa wamkulu, monga ife tisiyanitsa iwe ndi inu. Mjeremani anena "du" kwa mnzake, koma wamkulu amuitana "Sie," liwu lochokera ku lija lotanthauza iwo. Chichewa chili nazo njira zonse ziwiri. Titi, "Inu abambo, khalani pansi," ndiponso titi, "Agogo abwera," chinkana ndi munthu mmodzi. Ndipo mkamwini polankhula ndi apongozi ake adziwa kutalikitsa mawu koposa apo.

7. Njira ziwiri zosungira chinenero

Kusiyana kwakukulu kwa zinenerozi kuli m'mbiri ya kasungidwe kake. Chifalansa chidakhazikitsidwa kuchokera pamwamba. Mu 1539 mfumu François idalamula ku Villers-Cotterêts kuti makalata a boma ndi a milandu alembedwe m'Chifalansa m'malo mwa Chilatini. Mu 1635 Richelieu adakhazikitsa bungwe la Académie française, la mipando 40, loyang'anira chinenero, ndipo mtanthauziramawu wake woyamba adatuluka mu 1694. Ubwino wake udali wakuti dziko lidapeza muyeso umodzi. Kuipa kwake kudaoneka pambuyo: mu 1794 Henri Grégoire adapereka ku nyumba ya malamulo chikalata chopempha kuti malankhulidwe a kumidzi athetsedwe, ndipo m'zaka zotsatira ana ambiri a ku Brittany ndi kumwera kwa France adalangidwa pa sukulu chifukwa cholankhula chinenero cha amai awo. Zinenero zimenezo zidafooka kwambiri.

Chijeremani chidalibe mfumu imodzi yochilamula, pakuti Germany adakhala dziko limodzi mu 1871. Chidamangidwa ndi mabuku. Martin Luther adatulutsa Chipangano Chatsopano mu 1522 ndi Baibulo lonse mu 1534, ndipo adaphunzitsa kuti womasulira ayenera kutchera khutu ku malankhulidwe a anthu wamba. Abale awiri a banja la Grimm adayamba mtanthauziramawu wamkulu mu 1838, ndipo ena adautsiriza mu 1961. Konrad Duden adatulutsa buku la kalembedwe mu 1880, ndipo malamulo amodzi adavomerezedwa mu 1901.

Nanga chitonzo cha Frederick chidatha bwanji? Pamene iye adalemba, Goethe adali atatchuka kale. Ndipo chaka chotsatira, 1781, Immanuel Kant, nzika ya dziko la mfumu yomweyo, adatulutsa m'Chijeremani buku la nzeru zakuya limene ophunzira awerenga kufikira lero. Mlandu udatha popanda woweruza: Ajeremani adalemba, ndipo chitonzo chidafa chokha.

8. Mapazi awo m'dziko lino

Mtanthauziramawu wina wa oyambirira a chinenero chathu adalembedwa ndi Mjeremani, Johannes Rebmann, pafupi ndi Mombasa. Mu 1853 iye adakomana ndi kapolo wotchedwa Salimini, amene adagwidwa kuno ku mtunda, kumadzulo kwa nyanja. Mawu ndi miyambi ya m'bukulo, limene lidasindikizidwa mu 1877, zidachokera pakamwa pa munthu ameneyo. Wilhelm Bleek, Mjeremani wina, ndiye adafalitsa dzina lakuti Bantu m'buku lake la 1862 naika manambala pa magulu a maina, ndipo Carl Meinhof adapitiriza ntchitoyo mu 1899. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, adatero akale. Koma tikumbukire kuti tsitsi lometedwalo lidali la Salimini ndi anzake.

A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok, amene adafika ku Mvera mu 1889, ndi anzawo amene adatsegula Kongwe mu 1894 ndi Chinthembwe ku Ntchisi pambuyo pake, adali a chinenero chapachibale ndi Chijeremani. Buku Lopatulika, limene W. H. Murray ndi anzake, Azungu ndi eni dziko, adagwirira ntchito pa phiri la Kaso pafupi ndi Mvera, lidasindikizidwa mu 1922, ndipo lidachitira chinenero chathu zofanana ndi zimene buku la Luther lidachitira Chijeremani. Chifalansa chidadza ndi ansembe a chipani cha White Fathers, amene adamanga ku Chiwamba ndi ku Mua mu 1902, ndi ku Likuni ndi Kachebere mu 1903.

Lero Chifalansa chimveka tsiku ndi tsiku ku Dzaleka, kumene othawa nkhondo adayamba kulandiridwa mu 1994, ndipo pofika 2023 adaposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mbiri ya maiko awiri omalizawo iunikira mlandu wathu. Adali pansi pa Ajeremani kufikira nkhondo ija imene idafika ku Karonga pa 9 Sepitembala 1914. Asilikali a Belgium adawalanda mu 1916, ndipo Chifalansa chidalowa m'sukulu zawo. Kenaka mu 2008 boma la Rwanda lidasankha Chingerezi m'malo mwake. Anthu a kumeneko ndi a ku Congo atchula 70 ndi 90 kuti "septante" ndi "nonante," monga a ku Belgium, osati monga a ku Paris. Mu 2022 bungwe la maiko olankhula Chifalansa lidawerenga anthu 321 miliyoni ochidziwa, ndipo ambiri mwa ochilankhula tsiku ndi tsiku ali mu Africa. Chijeremani eni ake aposa 90 miliyoni, pafupifupi onse ku Ulaya. Kusiyanaku sikudabwere ndi malo a mneni. Kudabwera ndi zombo, mfuti, ndi mapangano a pambuyo pa nkhondo.

9. Chiweruzo

Tsono mlandu tiugamula motere. Chifalansa chipambana pa kufupika kwa chiganizo ndi pa kuchuluka kwa maiko kumene munthu angayende nacho. Mwana wa kuno amene apeza mwai wochiphunzira ku sekondale achigwire, pakuti anansi ochilankhula ali pakhomo pathu. Chijeremani chipambana pa kalembedwe ndi pa kupanga mawu omveka kwa munthu wamba. Koma chonena kuti china ndicho cha nzeru ndi chinzake n'cha anthu osaphunzira, mboni zachikana. Rivarol adaona ulemerero wa dziko lake nauyesa ulemerero wa galamala.

Dziko lathu lidayesa njira zonse ziwiri. Lidali ndi mabuku a ku Nkhoma, ndi olemba monga Samuel Josia Nthara wa kuno ku Dowa, amene buku lake Nthondo lidalandira mphotho mu 1933 kuchokera ku bungwe la ku London loona za zinenero za mu Africa, limene atsogoleri ake adali Mjeremani Diedrich Westermann ndi Mfalansa Henri Labouret. Lidalinso ndi lamulo: Chichewa chidakwezedwa kukhala chinenero cha fuko mu 1968, Bungwe la Chichewa lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo malamulo a 1973 adasintha "c" wa m'mabuku akale kukhala "ch." Muyeso umodzi wa kalembedwe udathandiza, koma zinenero zina za dziko lino, monga Chitumbuka, zidachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi zaka zambiri, ndipo chilonda chake eni ake sadachiiwale.

Chifukwa chake, abale, tikupemphani zinthu zitatu. Poyamba, Lamulo la Maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira, ndipo muyenera kuchiphunzitsa mwakhama. Koma musalange mwana kapena kumuchititsa manyazi chifukwa walankhula chinenero cha amake pa bwalo la sukulu, kaya Chichewa, kaya Chiyao, kaya Chiswahili cha ana a ku Dzaleka. Chachiwiri, pomasulira phunziro kapena ulaliki, musathamangire liwu lachilendo musanafunse akuluakulu a m'mudzi ngati lathu lilipo. Ndipo ngati palibe, yesani kulumikiza athu omwe. Chachitatu, lembani. M'midzi ya ku Chibanzi, ku Kayembe, ku Nthondo ndi ku Kasakula muli nkhalamba zodziwa maina a mitengo ya m'nkhalango ya Ntchisi, mawu a pa bwalo la milandu, ndi a ntchito za kumunda, amene sadalowe m'buku lililonse. Mphunzitsi aliyense akhale ndi kope lolembamo mawu otere, tanthauzo lake, ndi mudzi umene adawamva, nalitumize kwa osindikiza kuti anzake a kutali aone.